Amuna anga akufuna kudzithamangitsa m'dziko

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu. Ndakhala pabanja zaka makumi awiri ndi bambo ofatsa, amene kale akakangana ndi munthu inkakhala nkhani ya mpira basi. Zinthu zinasintha chaka chatha atawachotsa ntchito ya ulonda pa fakitale ya matumba. Anamva kuti bwana walemba anthu olowa m'dziko mozemba, amene amalandira theka la malipiro osadandaula. Zinawapweteka, inenso zinandipweteka.

Kuyambira pamenepo, chilichonse ndi alendo opanda mapepala. Mzere ukatalika kuchipatala, ndi alendo. Lendi ikakwera, ndi alendo. Tsiku lina mpopi unauma, iwo n'kuti, "Amwa onse." Anasonkhanitsa anzawo asanu n'kupanga komiti ya mumsewu mwathu, iwo wapampando. Anagula kope ndi wezulo.

Analumbira kuti sadzagwiranso chinthu cha mlendo. Vuto n'loti wosoka nsapato wathu ndi mlendo, ndiye nsapato yawo yakumanzere yayasama, akuimanga ndi waya. Loweruka lina ali pampando wa wometa, munthu amene wakhala akuwameta zaka zisanu ndi zinayi, anamufunsa ngati mapepala ali nawo. Wometayo anaseka n'kuti, "Achimwene, anatha mphamvu kalekale." Bambo anadzuka pomwepo, nsalu ili m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi. Mpaka lero akukana kuti ndiwamalize. Akuti ndi umboni.

Kenako komiti inagwirizana zoyenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala. Mlembi wawo, amene timangomutchula kuti Chipewa, anati a m'komitiyo ayambe okha kuonetsa awo, ndipo chitupa si chokwanira, pafunika kalata yobadwira. Bambo anakhuthula sutikesi yonse, osaipeza. Ndiye anapita kwa apongozi anga, amene amakhala nafe m'chipinda chakuseri.

"Amayi, kalata yanga yobadwira ili kuti?"

Apongozi osatembenuka n'komwe. "Kalata yanji? Iwe unabadwira kwathu, kutsidya kwa malire. Ndinabwera nawe uli ndi miyezi itatu, kuwatsatira malemu bambo ako kwawo kuno. Tinakwera lole ya makabichi. Wapachipata anawerenga makabichi okha."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

Aphungu, panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu bambo anatenga kope lija, lolembamo maina a alendo opanda mapepala, n'kulemba dzina lawo pansi pa la wometa, pansi pake la mayi awo. Anavala jekete, ulendo ku ofesi yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko kukadzipereka. Wa paofesiyo anayang'ana chitupa chawo n'kuti chili bwinobwino, azipita. Iwo anaumirira kuti awamange. Munthuyo atatopa anati abweretse kaye umboni woti anabadwira kunja. Bambo anabwera kunyumba atakwiya kwambiri. "Taona dziko ili! Ndilibe mapepala otsimikiza kuti ndilibe mapepala!"

Panopa anasamuka kuchipinda, akugona mosungira katundu, pakati pa nsalu za makasitomala anga. Pampando wawo wa pabalaza sakukhalaponso, akuti ndi wa nzika. Chakudya akudya theka. Apongozi akangodutsa kuchokera kuchipinda kwawo kulowa pabalaza, bambo amawaimbira wezulo, gogoyo n'kumangoti, "Liza, mwanawe, unayamba kulira tili palole." Bambo akuti ana athu ndi theka kuno theka uko, sanadziwebe mbali yotsala. Dzana anandigwira dzanja misozi ili m'maso n'kuti, "Mayi, ndikhululukireni, ndinakulandani mwayi wokwatiwa ndi mwana wa dziko lino." Ndinasowa kuti ndiseke kapena ndilire.

Chondisowetsa mtendere ndi ichi. Lachisanu likubwerali komiti ikukapereka kopelo kupolisi. Muli maina khumi ndi asanu. Wometa uja ali ndi mapasa amene amaphunzira kalasi imodzi ndi chitsiriza wathu, ndipo mkazi wake wasiya kutuluka panja ndi mantha. Apongozi ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, kwawoko sakudziwanso aliyense. Kopelo ndikudziwa pamene amabisa. Ndiliwotche? Amuna anga ndimawakonda, Aphungu, koma sindikudziwa ngati ndikukhala ndi wapampando kapena wothawa.

E.D.K., wa kuseri kwa msika waukulu

Mayi E.D.K.,

Pepani, ndayamba ndaseka kaye. Koma nditapukuta misozi ndaona kuti m'nyumba mwanu muli bala.

Amuna anu sanapenge. Ntchito itatha anadziona opanda pake, komiti n'kuwapatsa mpando. Tsopano mpandowo wawatembenukira, ndipo poti ndi munthu wosadziwa chinyengo, akudziweruza ndi lamulo lawo lomwe. Dandaulo lawo loyamba ndi lenileni: malipiro akagwa, banja limagona ndi njala, ndipo dziko lililonse liyenera kudziwa amene akulowa. Koma amene anawachotsa ntchito si wometa. Ndi bwana amene anapeza anthu oopa kudandaula n'kuwadyera masuku pamutu. Uyo m'kope mulibemo.

Kopelo musaliwotche. Mukatero mobisa, Chipewa agula lina, ndipo bambo sadzakukhulupiriraninso. Lachisanu lisanafike, khalani nawo pansi apongozi ali pomwepo. Apempheni bambowo awerenge mainawo mokweza, limodzilimodzi, pa dzina lililonse anene chimene munthuyo anawalakwira. Akafika pa dzina lomaliza, inu khalani chete, musawathandize. Dzanja limene linalemba ndi lomwe ling'ambe, ndipo akawauze anzawo okha kuti zakhomo ndi khomo zatha. Zoterezi zimayamba ndi kope, zimathera pa miyala, ndipo mwala sufunsa kalata yobadwira.

Kenako pitani nawo kwa loya, kapena ku bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo kwaulere. Tengani chitupa chawo, makalata a kusukulu ndi pepala lililonse la malemu bambo awo. M'maiko ambiri mwana wa nzika amakhala nzika ngakhale atabadwira patchire, koma izi awauze wodziwa malamulo, chifukwa ine ndi inu sangatimvere. Amene afunika thandizo msanga ndi apongozi anu, ndiye asatsale. Mkazi wa wometa mumuuze komwe mwapita, nayenso banja lake likalongosole mapepala m'malo mobisala. Nkhani ya fakitale ipite ku ofesi ya zantchito. Kumeneko ukali wa bambo ukagwira ntchito yake, ndipo mwina ukapulumutsa eni dziko ndi alendo omwe.

Pakadali pano musawaseke pamaso pa ana. Auzeni bambowo kuti kuchipinda kukuzizira, abwerere, inu simunakwatiwe ndi pepala.

Chenjezo langa ndi limodzi. Zonsezi zikadzatha, mudzakanganabe monga mabanja onse. Tsiku limenelo, ngakhale mutapsa mtima chotani, mawu oti "bwererani kwanu" asadzatuluke pakamwa panu. Bambo amenewa, mmene ndawamvera, adzalongedzadi.

Aphungu