Chihema cha apongozi chili kuphiri

13 Disembala

Miyendo ngati si yanga. Tsiku lonse chiimire, kuthirira alendo tiyi m'chihema chathu chomwe. Ndati chathu? Cha apongozi anga. Chihema cha ubweya, nsichi zake anasema ndi agogo a Kubat. Lero chili patsinde pa phiri, pafupi ndi hotela yatsopano ija, pakhomo atakhomapo chikwangwani.

Kubat, mwamuna wanga wanzeruyo, anachibwereketsa kwa a hotela mpaka Malichi osafunsa munthu. Iye anamupatsa ntchito yokweza alendo pa mipando yoyenda pa chingwe, ine ya tiyi. Andiveka nduwira yoyera ya amayi akalekale kuti alendo azijambula. Kulemera kwake ngati ndowa yamadzi.

Kunyumba chifuwa cha Bambo, apongozi aamuna, sichikusintha. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Tsiku lawo likafika mudzawagoneka m'khola la nkhosa?" Sakunama. Munthu wamkulu akamwalira amagona m'chihema chake pabwalo, anthu n'kumulirira momwemo. Kubat anangotuluka kukasuta.

18 Disembala

Chipale chofewa, sinowo ija, chakana kugwa. Makina awo akupopera chopanga tsiku lonse, phokoso ngati chigayo. Anthu a m'mizinda ya Bishkek ndi Almaty mbwee, magalasi akuda, timatabwa kumapazi. Kukwera, kutsetsereka, kugwa chagada, kukweranso. Kulipira ndalama kuti ugwe, abale! Pamalo pomwe pankadya nkhosa zathu.

Akulowa ndi nsapato zawo zolimba zija, kuponda kapeti amene Amayi anasoka ali mtsikana. Ndinauza mmodzi kuti avule. Mirlan, kamnyamata koyang'anira malowa, kanandikokera pambali. "Achemwali, mlendo sauzidwa zochita." Achemwali! Mwana woti n'kumubereka.

Zuura wa kukhitchini ya hotela wandibisira timandasi totsala. Malipiro ati kumapeto kwa mwezi. Mutu ukuwawa.

24 Disembala

Adokotala abwera, atuluka akupukusa mutu. Bambo asiya kudya. Msuzi wokha, nawonso pang'ono.

Anandiitana ndikuchotsa mbale. "Mpongozi, kukawala dzuwa mukayanike ubweya wa chihema chija, njenjete zingachidye." Akuyesa chili m'nyumba yosungira katundu. Palibe wawauza. Ndinati inde Bambo, ndiyanika. Ndinatuluka msangamsanga, misozi ili m'maso.

Ndakwiya ndi Kubat. Ndakwiya ndi phiri lomwe. Ndatopa ndi kukwiyako.

28 Disembala

Ndapita kwa Mirlan kukapempha chihema. Maso osachotsa pafoni. "Sabata ya Chaka Chatsopano? Ayi achemwali, anthu analipira kale. Zikavuta ndikubwerekani tenti ili kumbuyoko." Ndakaiona. Ya pulasitiki, mapaipi achitsulo, dzina la hotela lolembedwa mbali zonse. Yogonekamo munthu amene anaweta mahatchi paphiri lomweli moyo wake wonse!

Nditaweruka ndayenda khomo ndi khomo kufuna chobwereka. Cha a Sadyr, aneba athu, chili kuphiri, mukugona alendo. Cha kwa Zuura, kuphiri. Kani mudzi wonse tinachita chimodzimodzi, aliyense mwakachetechete. Chatsala chimodzi kwa mayi wamasiye kumapeto kwa msewu, mbewa zinachimaliza kale.

Kubat akuti, "Mwina afika Malichi." Ndinamuyang'ana mpaka anadzuka yekha.

30 Disembala

Kupuma kwa Bambo kukumveka mpaka kukhitchini. Kuntchito nyimbo, magetsi amitundumitundu, ana akusekerera. Ndaswa kapu imodzi, ati adula pa malipiro. Adule.

2 Januwale

Bambo atisiya m'mawa, dzuwa litangotuluka.

Amayi anayamba kulira m'nyumba, kenako anasiya. Polirira palibe. Kubat ali pachitsa panja ngati nkhuku yonyowa. Ndinamuuza kuti abwereke galimoto ya a Sadyr tikatenge chihema, akapanda kutero ndikachisenza pamutu ndekha. Ananditsatira, mutu uli pansi.

Tinafika masana, anthu ali thithithi. Omwa tiyi ndinawauza atuluke ndi makapu awo. Kumasula zingwe, kukanganula ubweya, kuzula nsichi imodziimodzi. Zala zouma ndi kuzizira. Zuura anavula epuloni n'kubwera kudzagwira nafe, Mulungu amudalitse mkazi ameneyu. Mirlan kuthamanga uku akukuwa, "Mwapenga kodi? Ntchito yatha, nonse awiri!" Ife tinapitiriza kumasula.

Alendo anatizungulira, mafoni m'mwamba. Kubat akutsitsa mkombero wa padenga, misozi chuchuchu mpaka m'ndevu, iwo kuwomba m'manja. Mayi wina wa jekete yofiira anandigwira mkono, ati chionetsero china chiyamba nthawi yanji, mwana wake waphonya poyambira.

Sindinamumenye. Mphamvu zake ndinalibe.

5 Januwale

Taika maliro. Anagona m'chihema chawo, kuseri kwa nsalu, monga anagonera bambo awo. Amuna ankabwera akulira kuchokera kumsewu, ife tikuwayankha mkati. Hatchi yaphedwa monga mwa mwambo, anthu adya, palibe wadandaula. Ichi chokha chandikhazika mtima pansi.

Ubweya ukununkha khofi ndi mafuta onunkhira a alendo. Amayi analimva fungolo.

Mawu anga atha. Msana nawo.

9 Januwale

Mirlan wabwera yekha ndi paketi ya tiyi, ati kudzapepesa maliro. Wakhala mwaulemu, wapemphera nafe, wamwa kapu imodzi. Kenako nkhani yake. Kanema wa tsiku lija wafalikira m'mafoni, anthu akufunsa kuti zichitikanso liti. Akufuna chihema chibwerere, tizichimasula n'kuchimanganso Loweruka lililonse alendo akuonerera. Pantchito tibwerera tonse awiri. Wa Zuura mlandu wotithandiza uja authetsa.

Ufa watsala wa sabata ino yokha. Mwambo wokumbukira malemu pa tsiku la makumi anayi ukubwera, anthu adzafuna kudya. Kubat akuyang'ana ine, ine ndikuyang'ana pansi. Kukana ndikufuna.

Anayankha ndi Amayi, ali chofulatira m'zovala zawo zakuda. "Tengani. Koma mwana wanga, undiuziretu mwezi umene kulibe alendo, ndidziwe podzafera."

Mirlan anaseka, kuyesa nthabwala.

Tichikweza kuphiri mawa m'mawa.