Diso Lakumanzere

Chiosya, Mchinji

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, fodya tayamba kusankha.

Diso langa lakumanzere lija silinasiye kutuluka misozi. Ndikumasankha fodya nditapendeketsa mutu kuti isadonthere pamasamba. Ku Lilongwe adokotala akuti matenda anga otupitsa mitsempha ya magazi aja atseka kanjira kotsitsira misozi m'mphuno. Akufuna kundichita opaleshoni, aboole kena, koma adikira kaye kuti kutupako kuphwe. Tsiku sakunena. Mtima suli m'malo, foni ikangolira ndimathamangira.

Akufunanso gadiyani wodzandidikirira kuchipatala. Ndinatchula bambo a Tamandani, koma chipitireni ku Chipata kokagulitsa mtedza, foni yawo akuyankha ndi munthu wina. Zimenezo tidzakamba pamaso. Kodi simungabwere inuyo?

Amayi anzanga akutchalitchi anazolowera. Akandipeza ndikupukuta kumaso ndi chitenje amangoti, "Diso lija, eti?" Ine n'kuvomera. Tsono azakhali, lakumanzereli akadzalikonza, lakumanjali ndidzalinamizira chiyani? Adokotala analiyeza, akuti ilo lilibe vuto.

Ndine mwana wanu,
Enifa