Kompyuta ya Achimwene Wumbei

Lolemba, 13 Januwale

Taluzanso, ndipo chifukwa chake n'chomwechija: kompyuta ya achimwene Wumbei. Gemu yathu yowomberana aikonzanso sabata yatha, yalemera, ndiye chimakina chawo chikungopuma wefuwefu. Mdani akatulukira chithunzi chimaima, chikamadzayendanso iwo afa kale. Ife anayi n'kutsala tikulimbana ndi anthu asanu.

Napari, mnzathu wa m'timu, anawafunsa, "Achimwene, imeneyo ndi kompyuta kapena chigayo?" Tinaseka mpaka misozi. Iwo amvekere, "Zaka seveni si zambiri, ikungofuna kupukuta fumbi." Zaka seveni!

Mpikisano wosankha timu ya kuno ku Tamale yopita ku Accra uliko Loweruka. Ulendo umenewu sindiuphonya chifukwa chomvera munthu chisoni.

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndinapita kwa achimwene. Achotsa chivundikiro cha makinawo n'kuimika fani ya pabalaza kuti izikupizira, fumbi lonse la mumsewu likungolowa. Zithunzi azichepetsa mphamvu mpaka adani akuoneka ngati njerwa zoyenda.

Anandigulira waakye, mpunga wophika ndi nyemba uja, wa dzira, kenako n'kuyamba nkhani yawo ija: timuyi anaiyambitsa ndi iwo, ine Sugri ndinaphunzirira pa makina omwewa miyendo isanayambe kufika pansi ndikakhala pa mpando. Inde, ndikudziwa. Nkhani imeneyi yandikwana. Waakyeyo ndinadya.

Lachitatu, 15 Januwale

Tayeserera mobisa ndi Tiyumba, msuweni wa Napari. Makina ake ndi atsopano. Nzeru za gemu alibe, amangowombera chilichonse choyenda, koma chithunzi chake sichiima. Tapambana.

Tagwirizana kuti achimwene W. atuluke m'timu. Napari akuti, "Ukawauze iweyo aise, paja amakukonda." Ndiwauza mawa.

Lachinayi, 16 Januwale

Sindinawauze.

Lachisanu, 17 Januwale

Titatuluka mu mzikiti achimwene anandikoka dzanja, akumwetulira mano onse pamtunda. Tinayenda wapansi mpaka kwawo. Ndinafunsa kuti njinga yamoto ili kuti, ija amanyamulira katundu wa amayi a kumsika. Agulitsa. Agula khadi latsopano la zithunzi loika m'kompyuta muja.

"Undiikire iweyo, ine ndingaliwononge," anatero.

Ndinaliika. Abale, gemu inayenda ngati madzi. Iwo n'kusendeza nkhope pafupi ndi sikirini. "Sugri, kani mitengoyi ili ndi masamba? Taona mthunziwo!" Anagwetsa anthu anayi motsatizana. Kuona amaona achimwenewa, zimenezo sindingawanamizire.

Kenako: "Mawa tiyamba nthawi yanji?"

Ndinati madzulo. Mpikisano ndi wam'mawa. Akamadzafika tidzakhala titatha, tidzangoti okonza anasintha nthawi mwadzidzidzi. Mayina tinatumiza kale, la Tiyumba m'malo mwa lawo, sasinthika.

Mtima unandipweteka pang'ono pobwerera, sindikana. Koma anawatuma ndani kugulitsa njinga? Munthu wamkulu wandevu, wa ana awiri. Akanayamba afunsa.

Loweruka, 18 Januwale

Tinasonkhanitsa makina m'sitolo ya Napari poti ali ndi jenereta. Mipando isanu, anthu asanu. Tiyumba anakhala pampando wa pakona, womwe W. amaukonda.

Tili pakati pa gemu yomaliza, yoti tikaluza Accra tiiwale, ndinamva fungo la thukuta kumbuyo kwanga. Achimwene. Afika msanga kuti atithandize kulumikiza mawaya. Kompyuta aikumbatira pachifuwa, aikulunga m'nsalu ya akazi awo, fumbi mpaka m'nsidze. Anayang'ana Tiyumba, anayang'ana Napari. Napari maso gwa pa sikirini. Palibe anapereka moni.

Anzanga onse anali atafa, nditatsala ndekha ndi mdani mmodzi, osamuona. Achimwene anawerama, n'kusuntha hedifoni yanga ndi chibwano poti manja anali odzaza.

"Kumanzere, Sugri. Kuseri kwa galimoto."

Ndinatembenuka, ndinawombera. Tapambana. Tikupita ku Accra.

Anyamata kukuwa, kumenya matebulo, Tiyumba akudziguguda pachifuwa ngati wachita kanthu. Napari anandinyamula m'mwamba. Atanditsitsa ndinacheuka.

Achimwene anali atagwada pansi pa tebulo, waya m'manja, akufunafuna soketi. Anasuzumira, n'kufunsa mwakachetechete, "Gemu ya madzuloyo ndiye ndilumikize pati?"

Onse anayang'ana ine.