Madisiki onse awiri ali m'kabati ya apongozi

Aphungu,

Ndithandizeni msanga. Bambo a Nomsa akubwera Loweruka lino, ndipo ine chakudya sichikutsika. Mukhululuke kalembedwe, sukulu ndinalekezera Sitandade 7.

Amuna anga a Gerevazio ndi mphunzitsi kuno ku Lobi, koma chithereni Pasaka ali ku Zomba kowonjezera maphunziro. Anzawo akapeza kangachepe amagula nkhumba. Iwo anagula kabokosi kakuda kochepa ngati theka la buledi, n'kukaika pashelefu. Akuti ndi seva. Akuti m'katimo muli makontena, lina la zithunzi zathu, lina la nyimbo za kwaya, lina la mayeso a ana asukulu. Ndinasuzumira pa timabowo take, kontena sindinalione, koma sindinatsutse.

Tsiku lonyamuka anandikhazika pansi. Anati, "Amake Nomsa, kabokosika kamadzisamala kokha. M'mawa uliwonse kamakopera zonse mu disiki yolumikiza apayi. Lachinayi lililonse kamadzitengera mapulogalamu atsopano pa intaneti. Foni yanu ikalandira chizindikiro chobiriwira, zayenda. Ntchito yanu ndi imodzi basi. Madisiki alipo awiri. Mwezi ukatha muzichotsa yomwe ilipo, muzikasiya kwa amayi ku Kaphuka, muzibwerako ndi inayo. Nyumba ino itapsa, zinthu zathu zidzapulumukira kumeneko."

Ndinavomera, pakuti zinamveka zophweka.

Kutha kwa Epulo ndinalumikiza yachiwiri, yoyamba ndinapita nayo ku Kaphuka. Ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira. Apongozi anati, "Gere wanga wandikumbukira." Anaikulunga m'kansalu koyera n'kuiika m'kabati yagalasi, pakati pa chithunzi cha Amayi Maria ndi makapu a alendo.

Kutha kwa Meyi ndinapita ndi yachiwiri kuti ndikasinthe. Ndisanatsegule pakamwa analandira. Anati, "Inanso? Zakhala bwino, inzakeyi imasungulumwa." Ine ndinati, "Amayi, yoyamba ija..." Iwo anati, "Ilipo, ndimaipukuta tsiku ndi tsiku. Kapena mwamva kuti ndagulitsa?" Ndinati ayi amayi. Anandiphera nkhuku, anandimangira kachewere, anandiperekeza mpaka pokwerera njinga zamoto. Aphungu, chinthu chimene wapereka utagwada, kwa apongozi, ungachiitanitse ndi pakamwa pati?

Kuyambira pamenepo foni imalandira mtanda wofiira m'mawa uliwonse, ndi Chingerezi chachitali pansi pake. Ndimangoitembenuza chafufumimba. Bambo a Nomsa akaimba n'kufunsa kuti, "Kabokosi kakuyenda?" ndimati kakuyenda. Timagetsi take timaphethirabe, ndiye sindimaona ngati bodza lenileni.

Tsono mu Julaye Nomsa anayenda. Anachoka pa tebulo, mapazi asanu ndi awiri, mpaka kukagwera pamsana pa mphaka. Mwamwayi foni inali m'manja, ndinajambula zonse. Bambo ake atamva analira pa foni, munthu wamkulu. Anati, "Musanditumizire, netiweki iwononga. Ndidzaonera kunyumba pa TV, nditamunyamula mwini wake." Auza kale anzawo onse ku Zomba. Foni itadzaza ndinafufuta vidiyoyo, chifukwa iwo anati chilichonse chojambula chimalowa chokha m'kabokosi.

Lachinayi lapitali ndinatsegula pulogalamu ya zithunzi. Yasintha mtundu, inali yabuluu, tsopano ndi yoyera. Ikundifunsa dzina ngati mlendo. Mulibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Ubatizo wa Nomsa mulibe, ukwati wathu mulibe, vidiyo ija mulibe.

Ndayesa kumujambulanso mwanayu kuti zioneke ngati tsiku lija. Aphungu, Nomsa tsopano akuthamanga. Ndikamuimika pambali pa tebulo amatulukira panja kuthamangitsa nkhuku. Mphakanso akangomuona amakwera padenga.

Alamu anga a Bonifasio amakonza mafoni pamsika. Akuti ndipite nako kabokosiko akakafulashe, kadzayenda ngati katsopano. Mnzanga wina wa m'limana mwathu akuti ndipite ku Kaphuka Lachisanu, apongozi akapita kudimba nditsegule kabati. Ndichite ziti? Kapena ndingonena kuti inali mphenzi, ngakhale mvula sinagwe chichokereni Epulo?

C.G., Lobi, Dedza

Amake Nomsa,

Idyani kaye, kenako muwerenge. Mphenzi ya mu Ogasiti isiyeni, mphunzitsi sangaikhulupirire.

Kabokosiko musakazimitse, musakasunthe, ndipo a Bonifasio asakakhudze. Kufulasha ndi kusesa nyumba yonse n'kutaya ndi katundu yemwe. Alamu anu akunena zoona kuti kadzayenda ngati katsopano. Katsopano kamakhala kopanda kanthu. Pulogalamu ikukufunsani dzinayo musaiyankhe, musalembemo chilichonse.

Ndikukuuzani izi chifukwa ndikuganiza kuti zithunzi zanu zikadalipo. Kontena lili ngati wogulitsa m'golosale, pomwe zithunzi ndi katundu wa m'chipinda chakumbuyo. Lachinayi lija kabokosi kanachotsa wogulitsa wakale n'kuika watsopano, ndipo watsopanoyo sakudziwa pomwe pali kiyi. Nthawi zambiri katundu amakhala ali chikhalire. Amuna anu akabwezera pulogalamu yakale, kapena akailozera yatsopanoyi pomwe pali zithunzi, zimaonekanso. Sindikulonjeza, chifukwa kabokosiko sindinakaone, koma mwayi ndi waukulu ngati palibe wina wakagwiragwira. Lero lomwe yang'ananinso m'foni mwanu, malo a zinthu zofufutidwa. Mafoni ambiri amazisunga masiku makumi atatu asanazitayiretu.

Kabati ya apongozi musaithyole. Mukagwidwa, nkhani yake idzafika ku tchalitchi inu musanafike ku Lobi. Komanso mungabe pachabe. Madisiki awiriwo anakopera zinthu mpaka Meyi, pomwe Nomsa anayenda mu Julaye. Ukwati ndi ubatizo zili m'menemo, zotetezeka kuposa chilichonse m'boma la Dedza. Vidiyo mulibe.

Apongozi anu sanalakwe. Palibe anawauza kuti akusungitsidwa, iwo anaona mphatso. Woyenera kuwauza ndi mwana wawo, osati inu. Apite yekha akanene kuti, "Amayi, palibe wina ndingamukhulupirire ndi zinthu izi. Mwezi uliwonse amake Nomsa azibwera ndi ina, inu muziwapatsa yomwe muli nayo." Akamva kuti ndi udindo, mudzawaona okha akukukumbutsani tsiku losintha.

Gawo ili muwawerengere a Gerevazio. Aphunzitsi, mwachita bwino kuti makina azidziyendetsa, koma mwasiya mipata. Kabokosi kasamalandire pulogalamu yatsopano ngati bakapu ya tsikulo, kukopera mu disiki kuja, yalephera. Kukopera kuyambe, kusintha kutsatire, ndipo koyambako kukakanika, kwachiwiriko kuime. Kontena la zithunzi musamalilole kudzisintha lokha inu muli ku Zomba. Lizingokudziwitsani kuti kwabwera zatsopano, muzisintha nokha mutawerenga zomwe zasintha. Uthenga wa vuto uzibweranso pa foni yanu, ndipo wopita kwa akazi anu ulembedwe m'Chichewa, wonena chochita: "Disiki palibe, imbirani Gere." Chingerezi chachitali pansi pa mtanda wofiira chimangoopseza munthu. Onjezani disiki yachitatu yosachoka pakhomo, kuti kabokosi kasagonenso miyezi itatu kopanda kokopera. Ndipo kamodzi pa teremu tengani disiki ya ku Kaphuka, muyese kubwezeretsa chithunzi chimodzi. Bakapu yomwe simunaiyesepo ndi mbewu yomwe simunaione ikumera.

Tsopano inu, amake Nomsa. Imbani foni lero, osadikira Loweruka. Muyambe ndi madisiki, muwauze za mitanda yofiira, mumalize ndi Lachinayi. Mwina akhoza kulowa m'kabokosiko ali ku Zomba komweko n'kukonza musanamalize kuchapa matewera. Akwiya pang'ono, kenako aseka nkhani ya makapu a alendo, pakuti amayi awo amawadziwa kuposa inu.

Chenjezo langa ndi ili. Vidiyo ikhoza kubwerera, ikhozanso kusabwerera, ndipo banja silitha chifukwa cha mapazi asanu ndi awiri. Chimene chingawapweteke bambo a Nomsa ndi kudzazindukira okha, ali ndi mwana pamiyendo ndi rimoti m'manja, kuti miyezi itatu yonse mumati "kakuyenda". Zimenezo palibe disiki yomwe ingabwezeretse. Amve kwa inu, asanakwere basi.

Aphungu