Mzere Umodzi Umene Ndinajambula

Malengachanzi, Nkhotakota
9 Novembala

Okondedwa achimwene a Hamza,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu anga a Habiba? Kuno tili bwino, alihamdulilahi. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa pokha sipanafooke.

Nyumba mukuwamangira ija yafika m'mawindo, ndipo a Kalilu akumanga mwaluso. Ndayamba dala ndi zabwinozi, chifukwa zotsatirazi zikundichititsa manyazi.

Mukukumbukira kuti malowo ndinasankha ndine. Munati popeza ndikuphunzira zoyeza malo ku koleji, ndione ngati madzi a m'dambo angafikepo. Ndinayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, n'kupanga fomula, n'kuiika mu pulogalamu ya masamu pa laputopu. Pulogalamuyo imajambula mzere wolumikiza malo onse amene ali pa msinkhu wofanana. Ine ndinaiuza kuti ijambule mzere umodzi wokha, wa pamene madzi analekezera chaka chatha. Malo a nyumbayo anapezeka kumtunda kwa mzerewo, ndipo ndinakuuzani monyada kuti mangani.

Amayi anakana tsiku lomwelo. Anati pamenepo mpokhala achule, ndipo mayi awo ankafesapo nazale ya mpunga. Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti kompyuta simvera achule.

Sabata yatha ndinaonetsa aphunzitsi anga chithunzi cha mzerewo, ndikuyembekezera kuyamikiridwa. Anandifunsa kuti kuseri kwa mzerewo kuli chiyani. Anati ndiipatse pulogalamuyo misinkhu khumi, ijambule mizere yonse pamodzi.

Achimwene, mizere itatuluka ndinaona pamene ndinalakwitsa. Kuseri kwa mzere wanga nthaka imakwera pang'ono, kenako imatsikanso. Mizere inayo inazungulira, wina mkati mwa unzake, ngati mbale, ndipo nyumba ya amayi ili pakati penipeni. Madzi a m'dambo safikapodi, koma a mvula ochokera kumtunda akalowa alibe potulukira. Ndinabwereza katatu, ndikupempha Mulungu kuti ndikhale ndalakwitsa nambala. Sindinalakwitse.

Ndakulakwirani. Zaka ziwiri mwakhala mukudzimana chifukwa cha nyumbayi, ndipo munakhulupirira mlongo wanu chifukwa anapita kusukulu. Musawakalipire a Kalilu, iwo anamanga pamene ndinaloza.

Chonde aimbireni asiye ntchito denga lisanakwere. Pafupi ndi mango aja mpokwera, mizere yonse khumi ikuvomereza. Njerwa zambiri zingapulumuke popeza amangira dothi, ndipo ndidzazichotsa ndekha imodziimodzi ngakhale manja achite matuza. Mvula yayandikira, musachedwe kuyankha.

Dzulo ndinabwera kumudzi n'kuwaonetsa amayi pepala la mizereyo. Analigwira chadodolido, n'kundibwezera. Ndinkadikira kuti andikalipire, koma anangoti kompyuta yanga yachita bwino kufika, ngakhale yachedwa. Kenako anati ndikuuzeni kuti inu ndi amene mwavutikira nyumbayo, ndiye mukati ikhale pomwepo, iwo akalowamo osadandaula, ndi bondo lawo lomwelo. Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi. Ndikuwadziwa amayi, akalowadi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Allah akusungeni pa ntchito yanu, ndipo akupatseni mtima wondikhululukira.

Ndine mlongo wanu,
Sumaiya