Mayina a m'Buku Langa la Miyezo

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tili moyo, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa kuti ikupezeni foni yanu isanachoke kwa wokonza. Chonde, mukakaitenga, musatsegule zithunzi za pa gulu lathu la amayi la pa foni lija musanamalize kuwerenga. Pali chithunzi chimodzi chokhudza inu, ndipo ndikufuna mumve kwa ine, osati kwa anthu oseka.

Mwana wanu ali bwino, akudya, ku koleji akupita. Koma nkhaniyi yayambira kwa iyeyo. Aphunzitsi anawauza kuti aliyense apange kapulogalamu ka pa intaneti kothandiza ntchito ya munthu weniweni. Iye anasankha shopu yanga. Akuti makasitomala aziona pa foni ngati chovala chawo chatha, m'malo mondiimirira pakhomo tsiku ndi tsiku. Ine ndinada nkhawa kuyambira tsiku loyamba, koma mukundidziwa, ndimada nkhawa ngakhale ketulo ikachedwa kuwira. Palibe anandimvera.

Masabata awiri anakhala pa tebulo langa lodulirapo nsalu, laputopu ili pakati pa sizasi ndi choko. Ndinkaima kumbuyo kwake n'kumayang'ana, ndipo zimene ndinaona zinandinyansa. Palibe chimene ankapanga ndi manja ake. Akuti pali chimango chimene anthu ena anamanga kale, ndiponso pali nkhokwe ya zidutswa zothaitha: mabatani, makadi, timabokosi tolembamo. Iye ntchito yake kutola ndi kumata.

Ndinamufunsa kuti, "Ndiye iwe wasokapo chiyani apa? Kolala ya wina, mkono wa wina, thumba la wina."

Iye anaseka. "Anti, zipi mumapanga nokha? Mabatani mumasema nokha?"

"Batani langa ndimadziwa chimene likutseka."

"Langali likutsegula. Tadinani muone."

Ndinadina. Panatuluka khadi loyera, losalala ngati mbale ya kuchipatala. Anandiuza kuti khadi amapanga limodzi lokha, ngati patani ya pepala, kenako limadzibwereza lokha pa kasitomala aliyense. Dzina pamwamba, miyezo pakati, pansi mawu akuti chatha kapena sichinathe. Anthu onse patani imodzi, ngati akaidi.

Kenako anapempha buku langa la miyezo, lobiriwira lija. Nthawiyo ndinali ndi mapini kukamwa, ndikupinda mpendero wa siketi, ndiye ndinangoloza ndi chibwano pamene linali. Ndikanalavula mapiniwo n'kuganiza pang'ono, bwenzi sindikulemba kalatayi.

Achemwali, mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Mayina a anthu amandivuta kulemba, ndipo kufunsa munthu wamkulu kuti dzina lanu limalembedwa bwanji ndimachita manyazi. Choncho m'bukumo ndimalemba anthu mmene ndimawadziwira ine. Zaka khumi ndi chimodzi palibe analitsegulapo. Mwana wanu naye sanaliwerenge. Anangojambula masamba onse ndi foni, kompyuta n'kukopera yokha, n'kuthira m'makadi muja ngati madzi m'mabotolo.

Loweruka anamata pepala pachitseko losonyeza mmene anthu angalowere pa tsamba la pa intaneti la kapulogalamuko. Pamwamba pa tsambalo anaikapo kabokosi kofufuzira, kochokera m'nkhokwe muja. Kabokosiko n'kamiseche. Ukangolemba chilembo chimodzi, kamakhuthula mayina onse oyamba ndi chilembocho, ndipo aliyense angathe kutsegula khadi la mnzake.

Lolemba m'mawa anafika mayi a ku famase, kogulitsa mankhwala kuja, amene ndawasokera kuyambira pamene ndinagula makina. Sanapereke moni. Anaika foni pa nsalu imene ndinkadula.

"Ndaonda ndi ndani?"

Ndinayang'ana pa foniyo n'kuona khadi lawo, pamwamba palembedwa Ndaonda.

"Ndikufunsa, telala. Diresi labuluu la manja aatali ndi langa. Ndaonda ndi ndani?"

Mayiwa nthawi zonse akamalowa amati, ulendo uno ndaonda, muyeze bwino. Ine ndimayeza, n'kunena nambala yowasangalatsa, koma m'buku ndimalemba yoona kuti diresi liwakwane.

"Apa palembedwa chiuno 44. Mwezi watha munati 38."

Ndinati, "Tepi imatanuka nthawi zina, mayi."

"Imatanuka ndi tepi kapena pakamwa panu?"

Anatenga nsalu yawo yodulidwa kale, mapini ali momwemo, n'kutuluka.

Masana kunabwera mkazi wa bambo wina amene ndinamulemba kuti Nsalu Imodzi. Bamboyo amagula nsalu yaitali n'kusoketsa madiresi awiri, lina la chiuno 40, lina la 32. Mayiyo sanakalipe. Anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, n'kunena motsitsa kuti, "Ine ndine 40. Mungondiuza wa 32." Ndinanama kuti ndaiwala. Anandiyang'ana ngati wapeza ntchentche m'tiyi.

Enawo sindiwatchula onse. Fungo la Anyezi wadziwa. Thumba la Makala wadziwa. A Mawamawa anangodutsa pamsewu, nkhope atatembenuzira kwina.

Mwana wanu atabwera, ndinamukalipira mpaka mawu anasasa. Ndinati kamba amanyera amene wam'tola. Iye anatsegula laputopu, ndipo madzi a tiyi asanawire anali atatseka zonse. Chimenechonso chinandinyansa. Chinthu chosavuta kutseka chonchi, bwanji osachitseka poyamba? Akuti kabokosiko kamabwera choncho, umachita kukauza kuti kasaulule. Ndinati, "Ndiye unatola chinthu chosachidziwa khalidwe lake n'kuchipatsa matupi a anthu?" Koma zinali zitachedwa. Anthu anali atajambula kale makadiwo n'kumatumizirana.

Kenako mwana wanu anayang'anitsitsa khadi limodzi. Anati, "Anti, awa ndi amayi anga?"

Apa ndiye pamene ndimazungulira kuyambira pamwamba paja. Muli ndi tsamba lanu m'bukumo. Ndi la diresi lachikasu la kolala ya lesi, limene ndinakusokerani chaka chimene amayi athu anadwala, inu mukunyamuka kutsatira alamu ku ntchito yatsopano. Pansi pa miyezo ndinalemba kuti la achemwali, ndiye palibe angasokonezeke. Pamwamba, pamalo pa dzina, ndinalemba kuti Anatithawa.

Ndinalemba tsiku limene ndinachapa zofunda za amayi katatu, makina ali chiimire, anthu akudikira zovala pakhonde. Ndinali wotopa ndiponso wokwiya. Ndimafuna kunena kuti linali tsiku limodzi lokha, koma bodza ndatopa nalo sabata ino. Zaka zisanu ndi chimodzi zapita. Mwabwera kuno kawiri, ndakuyezani kawiri, ndipo miyezo yatsopano ndinalemba patsamba lomwelo, pansi pa dzina lomwelo. Cholembera chinali m'manja. Sindinafufute.

Kwa mwana wanu ndinayamba kunena za sukulu yanga yochepa ija, koma ndinalekeza panjira. Kwa mayi a ku famase chifukwa chimenecho chingamveke. Kwa inu ayi. Dzina lanu ndimatha kulilemba ngakhale nditatsinzina.

Masiku awiri ndakhala ndikunyansidwa ndi laputopu, ndi makadi ake osalala, ndi anthu osawadziwa amene amapanga zidutswa zoti ana azimata osaganiza. Ndikunyansidwabe. Koma kabokosi kaja sikanapeke liwu ngakhale limodzi. Zonse ndi dzanja langa.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Mwanayu musamukalipire, ndamukalipira kale mopitirira, ndipo kuyambira Lolemba akundiyankha ndi mutu wokha. Chachiwiri, amayi a pa gulu paja akakufunsani, musanditeteze. Ndikudziwa kuti munkatumiza mankhwala mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti munapempha tchuthi n'kukanizidwa. Ndinkadziwa ngakhale tsiku limene ndinalemba lija.

Mupereke moni kwa alamu, ngati angaulandire akamva zimenezi. Muwauze kuti mankhwala a bondo asamadumphitse. Inunso muzivala juzi m'mawa, chifuwa chanu chija sichichedwa kubwerera. Dalaivala amabwerera kuno Lachisanu masana, ndipo ndidzakhala ndili pa siteji. Akadzatsika chimanjamanja ndidzamvetsa, koma Lachisanu linalo ndidzapitanso.

Ndine mng'ono wanu,
Telala