Chithunzithunzi pa Khoma la Fomu 2

Lolemba, 20 Okutobala
Maulendo naini kubodala lero, njinga mpaka kufuka utsi. Wakabaza wondiposa kulibe, olo ku Chipata.

Koma kunyumba zandidabwitsa. Mwana wanga Keziya wabwera kusukulu manja ali bii ndi makala. Akuti madamu atsopano, a Tawonga, akuwalembetsa zithunzithunzi za anthu pakhoma. Ati phunziro la bomba la nyukiliya. Bomba ku Mchinji? Ife bomba lathu ndi tayala likaphulika.

Lachiwiri, 21
Mateyo wosintha ndalama akuti wotenga chithunzithunzi n'chimodzimodzi wotapa dothi la phazi. Mwezi sutha, mwini wake wauma. Keziya wasiya mbatata theka. Zayambika.

Lachitatu, 22
Ndawanyamula dala madamuwo kuti ndiwaone m'maso. Kuiwala kuti wokwera amakhala kumbuyo.

Akuti ku Hiroshima, ku Japan, munthu anakhala pamasitepe, bomba n'kung'anima. Munthu osapezekanso, pamwala n'kutsala chithunzithunzi chokha. Ndaseka, ndati ngakhale ine sindinama kufika apo. Iwo osaseka. Potsika akuti, "Zikomo a Jailosi." Dzina langa alidziwa bwanji?

Lachinayi, 23
Ndowa, sopo, chiguduli. Mawa ndikafufuta chithunzithunzi cha mwana wanga. Amake akuti ndikachita manyazi. Ine?

Lachisanu, 24
Ndafika masana ana ataweruka. Khoma lonse anthu akuda bii, opanda nkhope. Wina wasenza mtolo, wina wabereka mwana. Cha Keziya ndafuna, palibe. Kumapeto ndapeza mwamuna wagwira njinga, chipewa chopendekera. Ine ndemwe.

Madamu atulukira, ayang'ana ndowa. Akuti mwana aliyense anauzidwa kubweretsa chithunzithunzi cha munthu amene angayambe kumufunafuna bomba litagwa. Keziya analemberera chithunzithunzi changa pamapepala a simenti Lamulungu, ine ndikudzitama kwa aneba padzuwa.

Pansi walemba:

Atate anapita kubodala m'mawa,
anati abwera ndi mandasi.
Chipewa chawo ndachipeza pakhoma.
Ndaitana, khoma silicheuka.

Ndawerenga katatu, ine amene ndimawerenga ngati wailesi. Ndangoti mimba yangayo Keziya waikulitsa, bodza lenileni. Madamu aseka koyamba.

Madzi ndathirira maluwa a ahedi. Pobwerera ndakana okwera awiri, ndadzera pa mandasi.